Mmene gulu laling'ono la ku Cape Town lingapezere ndalama ku mafaundeshoni

Gulu lathu lidayamba ndi mphika umodzi wa phala. Ana a m'dera lathu akaweruka kusukulu ankangoyendayenda m'tinjira ta pakati pa zisakasa, kudikira makolo amene ankabwera mdima utagwa kuchokera kuntchito za m'nyumba ndi za m'magadeni ku Constantia ndi ku Tokai. Amayi anayi, atatu a ku Malawi ndi mmodzi wa ku Eastern Cape, adayamba kuwaphikira anawo ndi kuwathandiza homuweki. Ine adandikokera m'komiti chifukwa ndinali ndi laputopu. Pulopozo yoyamba ndidailemba usiku umodzi, m'mawa mwake n'kuimwaza kulikonse kumene ndidapeza imelo. Ambiri sadayankhe n'komwe. Ochepa amene adayankha adafunsa chinthu chimodzi: nambala yanu ya NPO, yoonetsa kuti boma lidakulembetsani ngati bungwe losachita phindu, ili kuti? Tinalibe.

Pa ntchito yonse yosaka thandizo, kulemba pulopozo ndi kachigawo kakang'ono. Zimene zimadya nthawi ndi ziwiri: kukonza mapepala a bungwe, ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda. Malangizowa ndawatsata mwa ndondomeko yomwe zinthuzi zimafunikira, ndipo ndikulankhula makamaka ndi magulu amene muli ife alendo, kaya ku Masiphumelele, Imizamo Yethu, Dunoon, Vrygrond kapena Philippi.

N'chifukwa chiyani faundeshoni, osati kampani?

Ndalama zothandizira mabungwe kuno zimachokera kuboma, ku National Lotteries Commission, kumakampani ndi ku mafaundeshoni. Faundeshoni ndi thumba limene munthu kapena banja lolemera lidapatula pa chuma chake, n'kulisiya m'manja mwa anthu oliyang'anira kuti phindu lake lizigwira ntchito zachifundo. Eni ake ena adamwalira kalekale, koma chuma chawo chikuswabe m'masheya, ndipo chaka chilichonse oyang'anirawo amakhala pansi n'kugawa.

Kampani ya kuno ikapereka thandizo imayang'ananso mapointi a B-BBEE, ndondomeko ya boma yotukula anthu akuda pa zachuma. Malamulo ake amati ndalamayo iwerengedwa yonse pokhapokha 75% ya thandizolo itafika kwa anthu akuda, ndipo lamulolo likati anthu akuda limatanthauza nzika za South Africa mwa kubadwa kapena mwa makolo, kapenanso amene adatenga unzika pasanafike pa 27 Epulo 1994. Mwana wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, ngakhale ade bii, sawerengedwa. Ndiye mukaona kampani ikukutumizirani fomu yofunsa kuti mwa ana anu ndi angati amene ali ndi ID kapena chiphaso chobadwira cha South Africa, musakwiye, akuwerengera mapointi awo. Ngati ana ambiri amene mumawathandiza ndi a kuno, khomo la kampani n'lotseguka. Ngati ambiri ndi a alendo, faundeshoni ya banja ndiyo ingakumvereni, chifukwa siyisaka mapointi. Imangotsata zimene mwini chuma adalemba.

Dziwaninso kuti pamakomo amenewa padzaza. Kuyambira 2025, pamene boma la America lidaimitsa thandizo lake lakunja ndi kutseka USAID, nthambi yake yopereka thandizolo, mabungwe akuluakulu a zaumoyo amene ankadalira PEPFAR, thumba la America lolimbana ndi Edzi, nawonso akupempha kwa anthu omwewa, ndipo iwo ali ndi anthu olembedwa ntchito yolemba mapulopozo basi. Gulu laling'ono silingawapose pa Chingerezi. Lingawapose pa kudziwa dera lake ndi pa kusunga mabuku bwino.

Sitepe yoyamba: gulu lanu lizidziwika ndi lamulo

Malamulo a kuno amalola mitundu itatu ya bungwe losachita phindu. Pali gulu la anthu ogwirizana mwakufuna kwawo, limene limangofuna malamulo olembedwa ndi komiti. Pali trust, yolembetsedwa kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoyang'anira ma trust ndi chuma cha masiye. Ndipo pali NPC, kampani yosachita phindu yolembetsedwa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, pansi pa Companies Act ya 2008, yomwe imafuna madayirekitala osachepera atatu. Gulu longoyamba kumene lisavutike ndi trust. Yambani ngati gulu la anthu ogwirizana. Mukadzakula mudzasintha kukhala NPC.

Mtundu uliwonse mwa itatuyi ungathe kulembetsa ku Department of Social Development pansi pa Nonprofit Organisations Act ya 1997, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera nambala ya NPO ija. Kulembetsaku ndi kwaulere. Ndabwereza: kwaulere. Alipo anthu m'madera athu amene amatenga ndalama zambiri ati akuthandizeni kulembetsa, pamene fomu ili pa intaneti ndipo dipatimentiyo ili ndi chitsanzo cha malamulo a bungwe choti mungosintha maina ndi zolinga. Lamulo limapatsa ofesiyo miyezi iwiri kuti iyankhe, koma musadabwe ikapitirira.

M'malamulo a bungwe lanuwo musaiwale mfundo izi, chifukwa ndi zimene owerenga amathamangira: kuti ndalama ndi katundu wa bungwe sizigawidwa kwa mamembala, kuti ndalama zonse zizidzera ku akaunti ya kubanki, tsiku limene chaka chanu cha zachuma chimathera, ndiponso kuti bungwe likadzatha katundu wotsala adzapita ku bungwe lina la zolinga zofanana, osati kunyumba kwa wapampando.

Apa ndiyenera kunena mawu amene ena sawakonda. Magulu ambiri a Amalawi kuno ndi a maliro: timasonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya, thupi lake likagone kumudzi. Ndi ntchito yolemekezeka, koma faundeshoni siithandiza, chifukwa opindula ndi mamembala okhaokha. Chimodzimodzi chipereganyu ndi banki ya m'khonde. Ngati mukufuna thandizo la faundeshoni, ntchito yanu ikhale yotsegukira anthu a m'dera onse, Mxhosa, Mzimbabwe, Mkongo ndi Mmalawi yemwe. Gulu la maliro lipitirire palokha, ndi buku lake ndi akaunti yake. Musaziphatikize. Ndipo ngati bungwe lanu limatumiza thandizo kunja kwa South Africa, monga kumanga chipinda cha sukulu kumudzi, dziwani kuti kuchokera pa kusintha kwa lamulo kwa mu 2022, bungwe lotero kulembetsa ngati NPO ndi lamulo, si kufuna kwanu ayi.

Yachiwiri: SARS

Nambala ya NPO ndi ya PBO ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri timazisokoneza. Ya NPO imatanthauza kuti boma likukudziwani. Ya PBO imachokera ku SARS, bungwe la boma lotolera msonkho, pansi pa Section 30 ya lamulo la msonkho, ndipo imatanthauza kuti ntchito yanu ndi yopindulira anthu ambiri, choncho simudulidwa msonkho pa thandizo limene mwalandira. SARS imafuna anthu osachepera atatu amene si pachibale kuti asenze udindo wa bungwe. Komiti ya bambo, mayi ndi mlamu siidutsa, ndipo ngakhale ikadadutsa, wopereka thandizo akaona mfunda umodzi pamaina atatu amatseka fayilo.

Popempha PBO pemphaninso chilolezo cha Section 18A, chifukwa sichibwera chokha. Chilolezochi chimakupatsani mphamvu yolemba lisiti limene wopereka thandizo amachotsera pa msonkho wake, mpaka 10% ya ndalama zake zodulidwa msonkho. Mafaundeshoni ambiri nawonso ndi ma PBO, ndipo malamulo a msonkho amawamanga pa nkhani ya amene angamupatse ndalama, n'chifukwa chake amafunsa mapepala amenewa asanawerenge china chilichonse. Section 18A ili ndi malire awiri oyenera kuwadziwa. Ntchitoyo ichitikire mu South Africa momwemuno, ndiye ndalama ya lisiti la 18A simungakumbire mjigo ku Dedza. Chachiwiri, ntchito za chipembedzo paokha sizilowamo. Mpingo umene ukudyetsa ana kapena kuphunzitsa achinyamata luso ulekanitse ntchito imeneyo ndi chopereka cha Lamulungu, makamaka poikhazikitsira bungwe lakelake.

Yachitatu: akaunti ndi mabuku

Faundeshoni siika ndalama mu akaunti ya munthu. Tsegulani akaunti m'dzina la bungwe, yosayinira anthu awiri. Banki idzafuna malamulo a bungwe, satifiketi ya NPO, maminitsi a msonkhano umene udasankha osayinira, ndi ziphaso zawo pamodzi ndi umboni wa kumene amakhala, monga mwa lamulo la FICA, lofuna kuti banki izidziwa bwino makasitomala ake. Apa ndi pamene magulu athu amakakamira, chifukwa banki imafuna pasipoti yokhala ndi pemiti imene sidathe ntchito. Sankhani osayinira amene mapepala awo ali bwino. Kukhala ndi anthu a kuno m'komiti kumathandiza pa izi, komanso n'koyenera: mukugwira ntchito m'dera lawo.

Akaunti ikatseguka, ndalama iliyonse idzere momwemo, ngakhale R200 imene abwana a mayi uje apereka kuti mugulire shuga. Gulani buku lachikuto cholimba. Kumanzere zolowa, kumanja zotuluka, malisiti onse muzimata ndi guluu papepala mwezi ndi mwezi. Malisiti a m'mashopu amafufutika pakangopita miyezi ingapo, makamaka m'chinyezi cha nyengo yamvula ya kuno, choncho muziwajambula pafoni tsiku lomwelo. Mafaundeshoni ambiri amafuna kuona lipoti la zachuma la chaka chimodzi kapena ziwiri, losayinidwa ndi akauntanti. Lipoti loonetsa R18 000 yolowa ndi R17 400 yotuluka, chilichonse chili ndi lisiti lake, limalankhula mokweza kuposa masamba khumi a malonjezo.

Ngati mapepala anu sadatuluke koma mwayi wapezeka, pali njira ina: bungwe lokhazikika kale la m'dera lanu likusungireni ndalamazo. Nthawi zambiri limadulapo kagawo ka ntchito yosunga mabuku. Lemberanani pangano, ndipo wopereka thandizo adziwe.

Yachinayi: kusankha khomo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ine ndidataya nthawi yambiri. Faundeshoni iliyonse ili ndi munda wake, ndipo siilima kunja kwa malire ngakhale nkhani yanu ikhale yomvetsa chisoni bwanji.

Tengani zitsanzo za mumzinda uno. Allan Gray Orbis Foundation ndi dzina lalikulu, koma ntchito yake ndi kulipirira maphunziro achinyamata amene akuoneka kuti adzakhala amalonda. Mphika wa phala suikhudza. Social Change Assistance Trust, imene ambiri amangoti SCAT, ili ku Cape Town kuyambira 1984, koma ndalama zake zimapita ku mabungwe a kumidzi. DG Murray Trust ya ku Claremont imaika mtima pa ana aang'ono ndi achinyamata, ndipo ndi imodzi mwa amene adayambitsa kampeni yowerenga ya Nal'ibali mu 2012. Mmene ine ndimaionera, imakonda maganizo amene angafalikire dziko lonse kusiyana ndi kulipira gasi wa khitchini imodzi, choncho mukapita kumeneko pitani ndi chinthu chimene ena angakopere. Community Chest ya Western Cape, yomwe idayamba mu 1928, si thumba la banja limodzi, imasonkhanitsa kwa anthu ndi makampani n'kugawira mabungwe a m'madera, koma kwa gulu laling'ono ndi poyambira pabwino. Ku Woodstock kuli Inyathelo, bungwe limene limaphunzitsa mabungwe anzake kasakidwe ka ndalama. Maphunziro otere pitaniko, ngakhale mungotolako maina a anthu.

Palinso timatumba tating'onoting'ono timene sitimveka: munthu adamwalira n'kulemba mu wilo yake kuti chuma china chizithandiza ana amasiye, okalamba kapena akhungu a ku Cape. Matumba otere ambiri amayang'aniridwa ndi nthambi za mabanki, monga Nedbank Private Wealth, kapena ndi maloya. Sapereka zambiri, koma safunanso zambiri, ndipo kwa gulu ngati lathu ndi amene ali pamlingo wathu.

Njira yachidule yodziwira amene angakuthandizeni ndi iyi. Pezani mabungwe asanu kapena asanu ndi limodzi amene akuchita ntchito yofanana ndi yanu ku Cape Town koma adakula kale. Tsegulani malipoti awo apachaka pa intaneti, pitani kumasamba omaliza kumene amathokoza owathandiza, lembani maina onse. Dzina likaoneka kawiri kapena katatu, limenelo ndiye khomo. Kenako fufuzani dzina lililonse: amathandiza ntchito zanji, madera ati, amapereka ndalama zochuluka bwanji, amalandira mapempho liti, ndipo kodi amalandira n'komwe mapempho a anthu amene sadawaitane? Ambiri salandira, ndipo amalemba poyera. Mukaona zimenezo musatumize pulopozo. Sakani munthu wokudziwitsani kwa iwo.

Munthu ameneyo akhoza kukhala pafupi kuposa mmene mukuganizira. Kwathu opereka thandizo timangowatchula kuti madona, ndipo kuno mawuwa amaseketsa, chifukwa adona ndi aja timawachapira ndi kuwasitira. Komatu nthawi zina amakhala anthu omwewo. Amene amakhala m'mabodi a matumbawa ndi anthu a ku Constantia, Bishopscourt ndi Camps Bay, kumene abale athu akutchetcha kapinga tsiku ndi tsiku. Sindikunena kuti mukapemphe abwana ndalama pakhomo la khitchini. Koma kuwaitana kuti adzaone ntchito yanu Loweruka, ndi kuwafunsa ngati akudziwa thumba limene limathandiza ana, si mlandu. Safunsa adadya phula.

Za mafaundeshoni akunja, mawu ochepa. A ku America lamulo limawakakamiza kugawa pafupifupi 5% ya chuma chawo chaka chilichonse ndi kulemba onse amene awapatsa pa fomu yotchedwa 990-PF, imene mungaiwerenge kwaulere pa Nonprofit Explorer ya ProPublica. A ku England ndi Wales mabuku awo ali pa kaundula wa Charity Commission. Ndi malo abwino oonera amene adaperekapo kale ku South Africa. Koma kupereka kunja kumawafunira mapepala ambiri, ndiye kawirikawiri amasankha mabungwe okhazikika. Yambani ndi apafupi.

Pomaliza mukhale ndi maina asanu mpaka khumi, osati makumi asanu.

Yachisanu: kalata ndi pulopozo

Ngati ali ndi fomu, dzazani fomu yawoyo, funso lililonse, osapyola chiwerengero cha mawu chimene anena. Ngati alibe, yambani ndi kalata ya tsamba limodzi kapena awiri. Munene kuti ndinu yani ndipo muli kuti, vuto ndi lotani, mukuchitapo chiyani kale, mukupempha ndalama zingati, za nthawi yaitali bwanji, ndipo chidzasinthe n'chiyani.

Ife Amalawi tili ndi chizolowezi choyamba kalata ndi moni wautali, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mpata, ndi kudzichepetsa kuti ndife osauka opanda pogwira. Kumudzi ndi ulemu. Pa desiki ya munthu amene ali ndi mulu wa mapempho, chiganizo chachitatu chikafika asanamve chimene mukufuna, wapita kwina. Ndalama imene mukupempha ioneke m'ndime yoyamba.

Musalembe za umphawi wa mu Africa kapena ulova wa dziko lonse. Iwo akuzidziwa kuposa inu. Lembani zimene inu nokha mukuzidziwa. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: ana ambiri ovutika a m'dera lathu akusowa chisamaliro. Chachiwiri: Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko, timalandira ana 46 a zaka 6 mpaka 13, timawapatsa chakudya chotentha ndi kuwathandiza homuweki, ndipo ena 20 ali pamndandanda wodikira chifukwa chipinda n'chaching'ono. Chachiwiricho munthu angathe kubwera kudzachiona ndi maso. Manambala ake achokere m'kaundula wanu weniweni, amene mumachonga tsiku ndi tsiku. Mukakokomeza, tsiku lodzakuyenderani adzawerenga mitu.

Musalonjeze kuthetsa umbanda kapena mankhwala ozunguza bongo m'dera lonse. Lonjezani zimene mungawerenge: ana angati, masiku angati, angati adakhoza kupita kalasi yotsatira. Malipoti a kusukulu a anawo, makolo atavomera, ndi umboni wabwino kwambiri.

Ogwira ntchito ndi ana adzafunsidwa zina: ndondomeko yolembedwa yotetezera ana, umboni wa kupolisi woti odziperekawo alibe milandu, ndi kufufuzidwa kwa maina awo m'kaundula wa boma woteteza ana pansi pa Children's Act ya 2005. Ngati muli ndi sukulu ya mkombaphala, kumbukirani kuti kuyambira pa 1 Epulo 2022 sukulu zimenezi zidachoka ku Social Development kupita ku dipatimenti ya maphunziro, ndipo adzakufunsani ngati mudalembetsa kapena mwayambapo. Zithunzi za ana musamangoziika mu pulopozo kapena pa Facebook popanda chilolezo cholembedwa cha makolo. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, limaletsa, ndipo wopereka thandizo wozindikira amaona zimenezo ngati chizindikiro choipa.

Anthu amene amati akulemberani pulopozo, mudzawapatse gawo la ndalama zikatuluka, apeweni. Ndalama ya faundeshoni ili ndi ntchito yake yolembedwa, ndipo gawo la munthu ameneyo simudzapeza polilemba mu lipoti. Imelo yokuuzani kuti mwapambana thandizo limene simudapemphe, mungotumiza kandalama koyendetsera mapepala, ndi ya akuba.

Yachisanu ndi chimodzi: bajeti

Owerenga ambiri amayamba ndi tsamba limeneli. Mzere uliwonse uonetse mmene mwawerengera. Musalembe kuti chakudya R60 000. Lembani ana angati, masiku angati, mbale imodzi ndalama zingati. Mitengo itengeni kushopu sabata yomweyo.

Cholakwa chathu chachikulu ndi manyazi. Timaopa kulemba malipiro a anthu, lendi, magetsi, data ndi thiransipoti, poganiza kuti ationa adyera. Mapeto ake timalandira ndalama ya ufa ndi nyemba, koma wophika alibe cholowa, pakatha miyezi itatu wapeza ganyu ku Fish Hoek, mphika wazizira. Lembani mtengo weniweni wa ntchito. Malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma anali R28.79 pa ola kuyambira pa 1 Malichi 2025, ndipo amakwezedwa chaka ndi chaka, choncho onani a chaka chimene mukulembacho. Pa mtengo umenewo, mayi wophika maola anayi patsiku, masiku 20 pamwezi, ndi R2 303.20 pamwezi, kapena R27 638.40 pachaka, kuonjezapo 1% imene olemba ntchito amapereka ku UIF, thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera. Wolembedwa ntchitoyo akhale ndi chilolezo chogwirira ntchito kuno. Bungwe likalemba munthu wopanda mapepala laphwanya lamulo, ndipo thandizo lingathere pomwepo. Ikaninso ndalama ya akauntanti wa kumapeto kwa chaka ndi zimene banki imadula mwezi uliwonse.

Onetsani zimene inu ndi ena mukuikapo: chipinda chimene mpingo wakubwerekani, buledi amene bekale ikupereka, R20 ya makolo. Palibe amene amafuna kusenza denga yekha. Ndipo pemphani molingana ndi msinkhu wanu. Gulu limene chaka chatha lidagwiritsa R30 000 likapempha R1 miliyoni limaopsa. Pemphani zimene mungazisamale, mwina kuwirikiza kawiri kapena katatu, chaka chamawa mudzakwere.

Yachisanu ndi chiwiri: kudikira, ndi tsiku la alendo

Oyang'anira matumbawa amakumana kangapo kokha pachaka, ndiye yankho lingatenge miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale maofesi ambiri kuno amakhala otseka. Ngati mukufuna ndalama ya chaka chamawa, pempho lichoke pakati pa chaka chino. Pakapita mwezi mungathe kufunsa kamodzi ngati adalandira. Kuimba sabata iliyonse kumatopetsa.

Akanena kuti akubwera, mwafika patali. Mlendo wathu woyamba wa ku faundeshoni adabwera mu Julaye, mvula ikuwaza cham'mbali monga imachitira kuno, madzi atalowa mpaka pakhomo. Tidakonza nyimbo yomulandirira, ana atavala zoyera. Mayiyo adamvetsera mwaulemu, kenako adapempha kaundula wa ana, n'kutsegula pa Lachitatu la mwezi wapitawo, n'kufunsa chifukwa chake tsiku limenelo ana anali ochepa. Mayi wophika adayankha kuti kudali sitalaka ya mataxi, makolo ambiri sadapite kuntchito. Adagwedeza mutu. Atatero adaloza silinda ya gasi imene inali pafupi ndi khomo lokhalo la chipindacho, nafunsa kuti moto utabuka ana atulukira pati. Tidangoyang'anana. Aliyense wa ku Cape Town amakumbukira moto wa ku Imizamo Yethu wa mu Malichi 2017 ndi wa ku Masiphumelele wa mu Disembala 2020, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikamawomba m'chilimwe, moto wa m'zisakasa sudikira. Sabata yomweyo tidasuntha chitofu, tidaboola khomo lachiwiri, tidagula chozimira moto, n'kumutumizira zithunzi. Ndikhulupirira kuti zithunzi zimenezo zidatithandiza kuposa nyimbo ija.

Choncho musakonze chionetsero. Abwere tsiku wamba, aone ntchito mmene imayendera, alankhule ndi amene amaigwira, osati wapampando yekha. Funso limene simukudziwa yankho lake nenani kuti mufufuza, ndipo mufufuzedi.

Akakana, yankhani mothokoza ndi kufunsa chimene chidaperewera. Ena amayankha, ndipo yankho lawo ndi maphunziro aulere. Funsaninso ngati mungadzapemphe ulendo wina.

Yomaliza: ndalama zikalowa

Werengani pangano lonse musanasayine, komiti yonse ili pomwepo, wina akumasulira m'Chichewa ndi m'Chixhosa ngati pakufunika. Lembani pakhoma masiku a malipoti. Ndalamayo ndi ya ntchito imene idalembedwa basi. Mukafuna kusuntha ina kuchoka pa mzere wa mabuku kupita pa gasi, lembani imelo kupempha kaye. Nthawi zambiri amavomera, chimene amadana nacho ndi kuzitulukira okha.

Chiyeso chachikulu kwa ife ndi maliro. Chaka chathu chachiwiri mwamuna wa mmodzi mwa amayi oyambitsa gulu adamwalira mwadzidzidzi. Kunyamula thupi kuchoka ku Cape Town mpaka ku Malawi ndi ndalama zambiri, zosonkha sizidakwane, ndipo mu akaunti ya bungwe mudali ndalama ya chakudya cha miyezi inayi. Tidagwirizana usiku, tonse tikulira, kuti tibwereke tidzabweza. Kubwezako kudachedwa, tsiku la lipoti lidafika, sitetimenti ya kubanki ikuonetsa ndalama yotuluka yopanda lisiti. Tidasankha kunena zoona. Sadatitengere kupolisi, adatipatsa miyezi yoti tibweze, ndipo tidabweza ndi ndalama za m'matumba mwathu. Koma chaka chotsatira sadatipatsenso, ndipo opereka thandizo a mumzinda uno amadziwana, amafunsana. Kuyambira pamenepo tidalemba m'malamulo athu kuti ndalama ya bungwe siibwerekedwa kwa munthu aliyense pa chifukwa chilichonse, ndipo tonse tidalowa gulu la maliro lapadera. Lamulo lotere limateteza msungichuma: anthu akabwera ndi misozi, ali ndi pepala lowaonetsa.

Lipoti lipite tsiku lake lisanakwane, ndipo munenemo ndi zimene sizidayende. Pakati pa chaka tumizani uthenga waufupi wa mmene zinthu zilili, ngakhale sadafunse. Musaiwalenso boma: lamulo la NPO limafuna lipoti la ntchito ndi la zachuma lifike ku Social Development pasanathe miyezi 9 chaka chanu cha zachuma chitatha, apo ayi angakufufuteni m'kaundula, ndipo SARS nayo imafuna fomu yake ya IT12EI chaka chilichonse ngakhale simupereka msonkho. Ngati chaka chanu chimatha pa mapeto a Febuluwale kapena a Malichi, monga mabungwe ambiri kuno, mabuku apite kwa akauntanti mu Epulo, kuti pofika Juni mukhale ndi lipoti latsopano m'manja, nthawi yomwe mukuyamba kutumiza mapempho a chaka chamawa.